Njinga, Foni ndi Mayina a Malo: Phunziro la Kulemba Mapu pa Ulendo wa ku Kachulu

Mawu Oyamba

Nkhani ino ikufotokoza ntchito imene ndakhala ndikugwira mongodzipereka pa nthawi ya tchuthi, yomwe ndi kupalasa njinga ndekha m'misewu ya kummawa kwa mzinda wa Zomba ndi kulemba zimene ndaona pa mapu a pa intaneti otchedwa OpenStreetMap. Cholinga changa ndi kuonetsa m'mene ntchitoyi imagwiridwira, komanso kuonetsa kuti wophunzira za chiyankhulo ali nalo gawo pa ntchito imene ambiri amati ndi ya anzathu a jogalafe okha. Zitsanzo zambiri ndazitenga pa ulendo umene ndinayenda mu Ogasiti 2024 kuchokera ku Zomba kukafika pa doko la Kachulu, m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, mtunda wa makilomita pafupifupi 30. Ndikhalitsa pa nkhani ya mayina chifukwa m'pamene ndinapunthwa.

Chiyambi cha Mapuwa

OpenStreetMap inayambitsidwa m'chaka cha 2004 ndi Steve Coast wa ku Britain. Pa nthawiyo mapu abwino a dzikolo anali m'manja mwa bungwe la boma la Ordnance Survey, ndipo munthu sankaloledwa kuwagwiritsa ntchito m'mene akufunira popanda kulipira. Coast anaganiza zoti anthu wamba azidzilembera okha mapu, aliyense kuikapo zimene akudziwa, monga momwe zimakhalira pa Wikipedia. Iye anayamba ndi kupalasa njinga mu London atanyamula kachipangizo ka GPS. Choncho njinga si mlendo pa ntchitoyi, inalipo kuyambira pachiyambi.

Dziko linazindikira phindu la mapuwa mu Januwale 2010 pamene chivomezi chinagwedeza dziko la Haiti. M'masiku owerengeka anthu odzipereka a m'mayiko osiyanasiyana anajambula misewu ya mzinda wa Port-au-Prince poyang'ana zithunzi za setilaiti, ndipo opereka chithandizo anatsata mapuwo. Chaka chomwecho bungwe la Humanitarian OpenStreetMap Team linakhazikitsidwa. M'chaka cha 2014 bungweli linagwirizana ndi a Red Cross a ku America ndi ku Britain komanso a Médecins Sans Frontières n'kuyambitsa ntchito yotchedwa Missing Maps, yolemba madera amene sanali pa mapu. Kuno kwathu ntchito yotere inagwiridwa ku Nsanje ndi ku Chikwawa mu 2014, madzi osefukira a mu Januwale 2015 asanabwere, ndipo inagwiridwanso pambuyo pa namondwe wa Idai mu 2019 ndi wa Freddy mu 2023.

Apa pali mfundo imene tiyenera kuigwiritsa. Munthu amene ali ku Berlin kapena ku Nairobi akhoza kujambula nyumba zikwizikwi za ku Zomba usiku umodzi, pakuti denga la malata limaoneka bwino pa chithunzi cha m'mwamba. Koma chithunzicho sichinena dzina la mudzi. Sichinena ngati mjigo ukutulutsa madzi kapena unafa kalekale. Sichinena ngati mlatho uli wa simenti kapena wa mitengo iwiri yongogoneka. Zimenezi zimafuna munthu wofika pamalopo n'kufunsa.

Chiyankhulo cha Mapu

Chilichonse cha pa OpenStreetMap chimamangidwa ndi zinthu zitatu. Choyamba ndi kadontho, komwe kamaimira malo amodzi monga mjigo kapena chigayo. Chachiwiri ndi mzere, womwe ndi timadontho tolumikizana, ndipo umaimira msewu kapena mtsinje. Mzere ukazungulira n'kukumana ndi poyambira pake umaimira nyumba, munda kapena nyanja. Chachitatu ndi gulu la timadontho ndi mizere zimene zamangidwa pamodzi, monga malire a boma.

Kadontho pakokha sikanena kanthu. Tanthauzo limabwera ndi mawu awiri olumikizidwa ndi chizindikiro cha kufanana, amene olemba mapu amawatchula kuti tagi. Mwachitsanzo, amenity=school ndi sukulu, amenity=marketplace ndi msika, pamene man_made=water_well pamodzi ndi pump=manual ndi mjigo. Wophunzira malamulo a chiyankhulo aona msanga kuti tagi ili ngati chiganizo chachifupi: mawu oyamba akufunsa funso, achiwiri akuyankha.

Vuto ndi lakuti mawu onsewa anachokera m'Chingerezi cha ku Britain ndipo anapangidwira misewu ya kumeneko. Mawu oti highway amagwira ntchito pa njira ina iliyonse, ngakhale kanjira ka kudimba. Kumeneko msewu waukulu umakhala wa tala nthawi zonse, pamene kuno msewu wa fumbi ukhoza kukhala wokhawo wolumikiza anthu zikwi zambiri ndi chipatala. Olemba mapu ena akunja, poona fumbi pa chithunzi, amafulumira kulemba highway=track, kutanthauza njira ya kumunda. Pofuna kuthetsa vutoli panakonzedwa ndondomeko yotchedwa Highway Tag Africa, imene imati msewu uzipatsidwa gulu potengera ntchito yake osati maonekedwe ake. Maonekedwewo amalembedwa padera ndi tagi ya surface. Ine ndimaona kuti mfundoyi ndi ya kumasulira ndithu: amene akumasulira liwu ndi liwu amalemba track, amene akumasulira tanthauzo amayamba wafunsa kuti msewuwo umapita kuti ndipo amayendamo ndani.

Kukonzekera Ulendo

Foni ya masiku ano imalandira uthenga kuchokera ku masetilaiti a GPS amene amazungulira dziko pa mtunda wa makilomita pafupifupi 20,200 kuchokera pansi. Ikalandira kuchokera ku masetilaiti osachepera anayi imawerengera pamene ili. Anzanga ambiri sadziwa kuti izi sizifuna bandulo kapena netiweki. Chofunika ndi kutsitsiratu mapu a dziko lonse pa pulogalamu monga OsmAnd pamene muli pa intaneti yaulere, ndipo mukatero foni imalemba njira yonse imene mwadutsa. Pamtetete imaphonya ndi mamita ochepa chabe, koma pansi pa mitengo yowirira mzere wake umayamba kudzandira ngati woledzera.

Pa njinga ndimatenga pampu, chubu chapadera, zigamba ndi guluu, sipanala, madzi akumwa ndi batire losungira moto. Ndimatenganso kope ndi pensulo, chifukwa dzina limene munthu wakuuzani liyenera kulembedwa nthawi yomweyo, iye akuona, kuti akukonzeni.

Ena amandifunsa chifukwa chimene ndimayendera njinga, komanso ndekha. Minibasi imathamanga ndipo siima pamene mwaona chinthu. Pansi simungafike kutali. Njinga ili pakatikati, ndipo m'dera limene aliyense amayenda pa kabaza, wapanjinga sadabwitsa anthu. Za kuyenda ndekha, ndinaona kuti tikakhala atatu timangocheza tokhatokha ndipo anthu amatiyang'anira patali. Ndikakhala ndekha anthu amandiyankhulitsa, ena mwachisoni, ena mwachidwi. Koma ndimauza abale kumene ndikupita ndi nthawi yobwerera, ndipo sindilola kuti dzuwa lindilowere m'njira. Ulendo wa ku Kachulu umanyenga: popita mumatsetsereka kuchoka m'tsinde mwa phiri kupita kuchigwa, pobwerera chitundacho mumachilipira ndi miyendo yotopa kale.

Pa Mjigo

Nditadutsa Matawale ndi kusiya nyumba za m'tauni, ndinaima pa mjigo wina kuti ndiulembe. Ndinaimika njinga, n'kuyamba kuzungulira mjigowo foni ili m'manja, osapereka moni kwa amayi amene ankatunga madzi. Macheza awo anaduka. Posakhalitsa panafika bambo wina wachikulire.

"Mwanangu, kodi mukuyeza chiyani pamenepa?"

"Pepani bambo, sindikuyeza. Ndikulemba mjigowu pa mapu."

"Wakutumani ndani? Nanga amfumu akudziwa?"

Ndinalibe yankho labwino. Mawu oti palibe wandituma, amene kwa ife ophunzira amamveka ngati ulemu wa ntchito yodzipereka, kwa bamboyo anali oopsa kuposa ena onse. Munthu woyenda yekha, wosatumidwa, wonyamula chipangizo, amakumbutsa anthu zinthu ziwiri. China ndi nkhani ya malo, pakuti woyeza akadutsa anthu amaopa kuti minda yawo ilandidwa. China ndi mphekesera za anamapopa zimene mu 2017 zinaphetsa anthu osalakwa m'maboma ena a kummwera, makamaka cha ku Mulanje ndi ku Phalombe, komwe sikutali ndi dera limeneli.

Tinapita kwa amfumu. Ndinakhala pansi, ndinapereka moni woyenera, ndinaonetsa chiphaso cha kusukulu, kenaka ndinatembenuza foni kuti aone okha. Chimene chinathetsa nkhani si chiphasocho ayi, koma mapuwo. Amfumu anaona tizibokosi toimira nyumba, anazindikira tchalitchi ndi bwalo la mpira, kenaka anafunsa kuti, "Nanga dzina la mudzi wanga lili pati?" Panalibe. Panali dzina la mudzi woyandikana nawo lokha, litayikidwa pakati pa midzi iwiriyo ngati kuti wonsewo ndi umodzi. Kuyambira pamenepo iwo ndi amene ankanditsogolera, kundiuza mijigo yamoyo ndi yakufa, ndi njira imene imaduka mvula ikagwa. Kuchokera tsiku limenelo sinditulutsa foni m'thumba ndisanapereke moni ndi kufunsa kwa amfumu.

Nkhani ya Mayina

Pa OpenStreetMap pali lamulo lakuti cholembedwa chikhale chimene munthu wina angakachipeze atapita pamalopo. Pa mayina, izi zikutanthauza kuti tagi ya name itenge dzina limene lili pa chikwangwani kapena limene eni dera amagwiritsa ntchito. Lamuloli ndinkalidziwa, koma ndinaliphwanya, ndipo chimene chinandiphwanyitsa ndi sukulu.

M'kalasi tinaphunzira kuti m'Chichewa l ndi r si maliwu awiri osiyanitsa matanthauzo. Munthu akanena kulira, wina n'kunena kulila, onse anena chinthu chimodzi. Malamulo a kalembedwe amene bungwe la Chichewa Board linakhazikitsa amati r alembedwe pambuyo pa i ndi e, ndipo l alembedwe m'malo ena onse. N'chifukwa chake timalemba kulemba koma kulemera, kulima koma kulirira. Tsono pa ulendowu ndinapeza sukulu ya pulayimale imene dzina lake pa chikwangwani linalembedwa ndi l pambuyo pa i. Ndinaseka mumtima kuti wolemba chikwangwani sanaphunzire, ndipo pa mapu ndinalemba ndi r.

Patapita milungu ingapo mnzanga wina, amene ankapita kudera lomwelo kukachita kafukufuku, anafufuza sukuluyo pa foni yake potsata kalembedwe ka pa kalata imene anapatsidwa. Foni inamuyankha kuti malo otero kulibe. Anatsika pa siteji yolakwika ndipo analipira kabaza kawiri. Atandiuza ndinachita manyazi, pakuti sukuluyo inalipo pa mapu, koma ndinaibisa ndine ndi ulamuliro wanga wa galamala.

Ndikanangoyang'ana mayina odziwika ndikanaona kulakwa kwanga. Tili ndi Chiradzulu, Chirimba ndi Lirangwe amene amatsata lamulo lija. Koma tilinso ndi Chileka, Chilomoni, Chilobwe, nyanja ya Chilwa imene ndinkapitayo, ndi likulu lenileni la dziko, Lilongwe. Palibe amene angalembe Lirongwe pa envulopu n'kumati wakonza. Dzina la malo si liwu wamba. Lili ndi mbiri yake, lili pa zidindo, pa ziphaso ndi pa makalata a kuchipatala, ndipo amene akulifufuza amalifufuza monga analionera. Komanso m'boma la Zomba muli Anyanja, Ayao ndi Alhomwe, kotero si dzina lililonse limene linachokera ku Chichewa. Kulipanikiza ndi malamulo a Chichewa ndi kulichotsa kwa eni ake.

Chosangalatsa n'chakuti mapuwa ali ndi malo a mayina ambiri pa chinthu chimodzi, ndipo apa m'pamene wa chiyankhulo angathandize. Tagi ya alt_name imasunga kalembedwe kena, monga Chikhwawa pambali pa Chikwawa, pamene kusiyana kuli pa kh wa mpweya amene ena amamulemba ndipo ena amamusiya. Tagi ya old_name imasunga mayina akale: Mangochi inali Fort Johnston, Nsanje inali Port Herald, Mchinji inali Fort Manning, Chitipa inali Fort Hill. Momwemonso Thyolo ankalembedwa Cholo, Mulanje ankalembedwa Mlanje, ndipo Nkhotakota ankalembedwa Kota Kota, monga momwe makutu a atsamunda anamvera. David Livingstone atafika pa nyanja ya Chilwa mu 1859 analemba Shirwa. Wowerenga mabuku akale amafuna mayina amenewa kuti adziwe pamene wolemba anaima. Palinso matagi a ziyankhulo: name:ny ndi dzina la m'Chichewa, name:yao la m'Chiyao. Chimene ndinayenera kuchita pa sukulu ija chinali kusiya name monga pa chikwangwani, n'kuika kalembedwe kanga pa alt_name ngati pali anthu amene amalemba motero. Ndinakonza tsiku lomwelo.

Tagi imene ndimaikonda koposa ndi loc_name, ya dzina limene anthu amatchula pakamwa. Malo ambiri ali ndi mayina awiri, la pa chikwangwani ndi la akabaza. Mukauza wakabaza dzina la boma amakuyang'anani, koma mukati pa chigayo kapena pa mango amangoti, "Kwerani achimwene." Nthawi zina chigayocho chinatsekedwa zaka zambiri zapitazo ndipo mtengo wa mangowo unadulidwa, koma dzina lidakalipo. Munthu wodwala usiku amaitanitsa galimoto ndi dzina limeneli, osati la m'kaundula.

Funso lina limene landivuta ndi la aperekezi pa, ku, mu ndi kwa. Timati ku Kachulu, koma timati kwa Jali, chifukwa dzina lachiwirili timalimva ngati la munthu, monga zilili ndi midzi yambiri imene imatchedwa ndi dzina la mfumu. Kodi mperekeziyo ndi gawo la dzina? Kwa ife eni chiyankhulo si gawo, chifukwa amasintha potengera chiganizo: ndili pa Jali, ndikupita kwa Jali. Koma pa phiri la Zomba pali malo amene pa mapu ndi pa zikwangwani amalembedwa Ku Chawe, mperekezi atamatirira ku dzina, mwakuti mlendo amati akupita ku Ku Chawe. Ine ndimasiya mperekezi kunja, pokhapokha ngati chikwangwani chamulemba. Ndikamafunsa dzina ndimalifunsa m'ziganizo ziwiri zosiyana, ndiponso kwa anthu osachepera awiri, kuti ndione chimene chikusintha ndi chimene chikutsala.

Zosayenera Kulemba

Si chilichonse chimene diso laona chiyenera kukwera pa intaneti. Mayina a eni nyumba salembedwa. Timitengo towirira timene olemba mapu akunja amatilemba ngati nkhalango kawirikawiri timakhala manda, pakuti m'midzi yambiri mitengo yachilengedwe inatsala kumanda kokha. Ndimakonza zimenezi amfumu akavomera, popanda kulowako. M'madera a Gule Wamkulu, dambwe sindililemba ngakhale nditalidziwa pamene lili. Wina anganene kuti mapu ayenera kunena zoona zonse, koma ine ndikuti chinsinsi chimene mudzi wasunga mibadwo yambiri si cha mlendo wapanjinga kuti achiulule.

Palinso lamulo loletsa kukopera ku Google Maps kapena ku mapu ena amene ali ndi eni ake. Kuyambira mu 2012 zolembedwa za OpenStreetMap zili pansi pa chilolezo chotchedwa ODbL, chimene chimalola aliyense kuzitenga mwaulere malinga atchule kumene wazitenga. Munthu akalowetsamo zakuba amaika pachiswe ntchito ya anzake onse. Zithunzi za m'mwamba zololedwa zilipo, monga za Bing zimene zinaperekedwa mu 2010, ndipo zimapezeka m'mapulogalamu olembera a iD ndi JOSM.

Pa Doko

Ndinafika ku Kachulu dzuwa lili paliwombo, fumbi lili mpaka m'mano. Fungo la matemba owamba linandichingamira ndisanaone madzi. Ndinatsata njira imene pa foni inkaoneka kuti ikupitirira, koma pamaso panga inangolowa m'madzi, mabwato atakocheza pamene mapu ankati ndi pamtunda. Patali pankaoneka chilumba cha Chisi.

Nyanja ya Chilwa ndi yachiwiri kukula m'Malawi. Mitsinje monga Likangala, Domasi, Thondwe ndi Phalombe imathira m'menemo, koma palibe mtsinje wotulutsa madzi. Ndi yosaya, madzi ake ndi amchere pang'ono, ndipo imakula ndi kuchepa potengera mvula ndi dzuwa. Inauma mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yaikulu inasanduka matope ong'ambika. Mu 1996 inalembedwa m'kaundula wa madambo ofunika pa dziko lonse pansi pa pangano la Ramsar. Chithunzi cha setilaiti chimagwira tsiku limodzi lokha, ndipo amene anajambula gombe anajambula gombe la tsiku limenelo.

Kodi nyanja yotere malire ake mungawaike pati? Matagi alipo ndithu: natural=water ndi madzi, natural=wetland ndi dambo la njedza lozungulira nyanjayi, ndipo intermittent=yes amasonyeza madzi obwera ndi kupita. Koma mzere uyenera kudutsa penapake. Ndinafunsa msodzi wina amene ankasoka ukonde kuti nyanja imathera pati. Anaseka.

"Mukufunsa za chaka chiti, achimwene? Pamene mwaimapo bambo anga ankalimapo mpunga. Uko kuli bwato lofiiralo tinkayendako pa njinga."

Anandiuzanso za zimbowera, timisasa toyandama ta asodzi m'kati mwa njedza, timene timasamuka nsomba zikasamuka. Timeneti ndi malo okhala anthu, ndipo a zaumoyo amatifuna pa nthawi ya kolera, koma kadontho kamene mungaike lero kakhoza kunama miyezi itatu ikubwerayi.

Gombe sindinalisunthe, chifukwa ulendo umodzi sukwanira kutsutsa mzere umene wina anajambula ndi umboni wake. Ndinalemba msika, malo okwerera mabwato, mijigo iwiri ndi pamene amakonza njinga, pakuti tayala langa lakumbuyo linali litayamba kuphwa. Pa chigawo cha njira chimene chinamira ndinaika tagi yosonyeza kuti chimasefukira, ndi tsiku limene ndinachiona. Kenaka ndinagula matemba a mayi anga, ndinamangirira pa keliyala, n'kuyamba chitunda cha ku Zomba nthawi ili cha m'ma 2 koloko, m'kope muli mayina 14 oti ndikawalowetse usiku umenewo, awiri mwa iwo ndili nditawalemba pawiripawiri chifukwa amene anandiuza sanagwirizane.